Che Thipa atuluka m'kabati mwana atakula kale

Loweruka lapitali ndinali ku Ntaja, ndipo chibwerereni mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinapita kukadya mpunga wa chisangalalo, ndipo ndinadyadi mpaka kumasula lamba. Koma ndabwerako ndi kanthu kondilemera, ndiye ndati ndikutulireni inu owerenga, poti ndinu amene mumandipirira sabata ndi sabata.

Anandiitana ndi Che Amidu, mnzanga wakalekale. Ndisanasamukire kuno ku Balaka ndinkaphunzitsa ku Ntaja, ndipo khomo langa linkayang'anizana ndi lawo. Ine Mkatolika wa ku Utale, iwo Msilamu wosaphonya swala, koma nkhuku zathu zinkagona khola limodzi ndipo palibe ankazifunsa za chipembedzo.

Mwana wawo wamwamuna amatuluka ku jando. Kwa inu amene simuli a dera lino, jando ndi chinamwali cha anyamata. Amapita ku ndagala, msasa wa kutchire, sukulu zikatsekera, ndipo pobwerako amakhala ndi dzina latsopano. Lakale limatsala komweko. Kumuitana nalo n'kumunyoza, choncho nanenso sindilitchula muno. Tsopano ndi Che Twaibu.

Kuti mumve zimene zinachitika Lowerukalo, ndiyambe ndakuuzani za Che Thipa.

Che Amidu anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Anabwerako mwanayu atangoyamba kumene sukulu, akadali wa mamina m'mphuno. Anabwera ndi zimene amuna onse a ku Joni amabwera nazo: njinga, wailesi, mabulangete onenepa, jekete losayenera kutentha kwa ku Machinga. Koma pansi pa sutikesi panali kakatoni ka zithunzi zowala, ndipo m'kati mwake munali galimoto ya thipa yobiriwira, yaing'ono ngati chikhatho cha munthu wamkulu.

Tsiku limenelo ndinalipo. Anaiika pakhonde, naikankha, matayala n'kuzungulira. Tinati chabwino, kagalimoto kokongola. Kenaka anaitola, nakoka apa, natembenuza apo, napinda kumbuyo. Matayala anapita m'mbali, kunsi kunatuluka miyendo, m'zitseko munatuluka manja, ndipo pamwamba panatumphuka mutu wa maso ofiira. Galimoto ija inaima chilili pakhonde, chimunthu chachitsulo chokunga zibakera.

Gogo wina amene anali pamenepo anatola ndodo yake n'kumapita osatsanzika.

Che Amidu anatifotokozera kuti ku Joni ana amaonera zimenezi pa wailesi ya kanema, chinthu chimene kuno kwathu timangochimva. Iwo ankaonera pa windo la sitolo, ataima panja ndi anzawo a ku mgodi, amuna a ndevu zawo. Akuti ndi zojambula zoyenda. Zimunthuzo zili magulu awiri, labwino ndi loipa, ndipo zimamenyana osatopa. Chilichonse chili ndi chimene chimasanduka: china ndege, china sitima, china galimoto ya odwala. Kumeneko amazitchula kuti maloboti. Ana a ku Ntaja analibe nthawi ya mayina achilendo. Asanamalize kufotokoza, chidolecho chinali chitapatsidwa kale dzina ndi ulemu wake: Che Thipa.

Mwana uja anatambasula dzanja.

"Iyayi, iwe," anatero bambo ake. "Uthyola. Ichi n'chako ndithu, koma ukakula."

Anachipinda n'kukhalanso galimoto. Mayi a mwanayo, Abiti Selemani, anati chikhale choncho, chifukwa chinthu cha nkhope sichiyenera kumasuzumira m'chipinda chimene anthu amaswaliramo. Anachiika m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu a alendo ndi mbale zamaluwa, natseka. Kiyi anamumangirira pa ngodya ya chitenje.

Mwanayo anamupatsa katoni.

Musaipeputse katoni imeneyo. Kumbuyo kwake kunali zithunzi za zimunthu zina zonse, ndipo pambali panali tizithunzi tosonyeza kapindidwe ka Che Thipa, kuyambira galimoto mpaka munthu. Mwanayo anaiwerenga katoniyo kuposa mmene anawerengera buku lililonse limene ine ndinamupatsa m'kalasi. Chimunthu chilichonse anachipatsa dzina. Kunali Che Ndege, amene akuti anali wamwano. Kunali Che Ambulansi, wachifundo koma wamantha. Kunali china chakuda cha nyanga chimene anangochitcha Mjomba, ndiye kuti malume, ndipo amalume ake enieni atamva sanaseke.

Kanemayo sanamuonepo ngakhale kamodzi, koma nkhani zake ankazidziwa, poti ankazipeka yekha. Nthawi yopuma ndinkamupeza pansi pa mtengo wa mango, anzake atamuzungulira, iye akulemba m'dothi ndi kamtengo mmene Che Thipa anapulumutsira anthu a kwa Mposa madzi atasefukira. Anzakewo akamukayikira, ankapita nawo kunyumba kukasuzumira pa windo. Che Thipa anali pomwepo m'kabati, phee, pakati pa makapu.

Abiti Selemani ankadandaula kuti galasi la kabati silichedwa kuda. Pamalo amodzi pankakhala chizindikiro cha mphuno ndi zala. Ankapukuta m'mawa, pofika madzulo chabwereranso. Chaka ndi chaka chizindikirocho chinkakwera m'mwamba.

Idi iliyonse, atavala zatsopano, mwanayo ankafunsa: "Baba, ndakula?"

Che Amidu ankamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ngati munthu woyesa mbuzi pamsika. "Pang'ono pokha. Tiona chaka cha mawa."

Musawaone ngati munthu wouma mtima. Che Amidu ndi bambo amene amatha kusenza mwana wodwala pa njinga mpaka ku Liwonde dzuwa lili pamutu. Koma zinthu za ku Joni zinkatha chimodzichimodzi. Wailesi inaleka kulankhula. Mabulangete anasanduka zigamba. Njinga inatsala felemu yokha, zina zonse n'zogula pa Ntaja pomwepo. Kenaka tinamva kuti zolemba anthu opita ku migodi zatsekedwa, kutanthauza kuti ulendo wina kulibe. Pa zonse zimene anakhetsera thukuta pansi pa nthaka, chimene chinatsala chatsopano chinali Che Thipa yekha. Munthu wotere mungamuuze bwanji kuti apereke chinthucho kwa mwana akachikwekweze m'fumbi?

Tsono Loweruka lija.

Ndinatsika basi pa Ntaja, ndinaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pachipata cha msika, ndinagula sopo ndi kabudula za mphatso, n'kutsata kulira kwa ng'oma. Pakhomo pa Che Amidu panali anthu osati masewera. Amayi akuvina manganje, fumbi kobo, nthungululu mbali zonse. Anamwali anali atakhala pa mikeka pansi pa chisakasa, mitu yometedwa, zovala zatsopano, maso pansi. Pambali pa aliyense panali lombwe wake, mnyamata wamkulu amene amamusamalira ndi kumulangiza ku ndagala.

Che Twaibu ndinachita kumufufuza. Kamwana kaja kolongolola, kamene kankandidula mawu m'kalasi, kanali katakhala duu, manja pa mawondo. Ku ndagala amaphunzitsa zambiri zimene ine wa ku Utale sindiyenera kuzidziwa, koma zina n'zoonekeratu. Wotuluka ku jando salowanso kuchipinda kwa mayi ake. Salankhula mokuwa pamaso pa akulu. Ndipo sakhalanso pansi kusewera ndi ana osavinidwa. Zachibwana zonse amazisiya kutchire pamodzi ndi dzina lija.

Che Amidu anandikokera pambali. Nkhope yawo inali kuwala.

"Aphunzitsi, lero ndiye tsiku lija."

"Tsiku liti, Che Amidu?"

"Mwaiwala? Ndinamulonjeza kuti akakula. Nanga lero sanakule?"

Ndisanayankhe anali atalowa kale m'nyumba. Ndinamva akuitana Abiti Selemani kuti abweretse kiyi.

Anthu ankafika pamkeka pa Che Twaibu mmodzimmodzi kudzapereka mphatso. Wina malaya, wina nkhuku, amalume ake anapereka khasu latsopano ndi chipewa cha kumzikiti, anthu n'kuvomereza kuti eya, mphatso ya mwamuna ndi imeneyo. Kenaka panabwera Che Amidu, atanyamula kanthu ndi manja awiri ngati mbale yodzadza. Anagwada, nakaika pamkeka patsogolo pa mwana wawo. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulankhula naye mwaulemu wa akulu.

"Che Twaibu, mwakula tsopano. Chanu chija ndi ichi."

Thipa yobiriwira inali pamkeka, yonyezimira ngati yachokera m'sitolo dzulo.

Anamwali anzake anayang'ana cham'mbali. Lombwe wina anabisa pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Mayi wina kumbuyo ananena mosabisa mawu: "Aa, bambo wamkulu chidole? Nanga kutchire kuja amakatani?"

Ndinayang'ana mwanayo. Maso ake anali pa Che Thipa. Chinthu chimene anachiyang'ana kudzera pa galasi ubwana wake wonse chinali pafupi ndi bondo lake, popanda galasi, popanda kiyi. Dzanja silinachoke pa bondo.

Kenaka analankhula motsitsa, monga anamulangizira.

"Zikomo, baba. Apatseni ana."

Che Amidu anaseka kuseka kwa munthu amene sanamve bwino. "Ngwamba, iyayi, n'chanu ichi. Taonani, mwina mwaiwala mmene chimachitira." Anachitola kuti achisandutse pamaso pa anthu monga tsiku lija. Koma chinthu chokhala zaka m'kabati, pansi pa malata otentha, chimauma m'mfundo. Nawonso anali ataiwala poyambira. Anakoka apa, chinakana. Anatembenuza apo, kunatuluka mwendo umodzi ndi dzanja limodzi, mutu osaoneka. Che Thipa anakhala choncho m'manja mwawo, galimoto ayi, munthu ayi, iwo thukuta lili kamukamu pamphumi.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Zala za Che Twaibu zinali kuyenda pa bondo pake. Chala chachikulu chinkakankha, zinazo zinkakoka, kenaka dzanja linkatembenuka pang'ono. Ankachipinda chidolecho m'malere, mwa ndondomeko yake, monga katoni ija inamuphunzitsira. Ankadziwa pamene bambo ake alakwitsa. Koma anzake anali pomwepo, alombwe anali pomwepo, ndipo iye anali atangolandira dzina la munthu wamkulu m'mawa womwewo.

Mapeto ake Che Amidu anachipereka kwa kamwana ka mlamu wawo, kamene kanali pafupi kakudya chitumbuwa. Kamwanako sikanachilirirepo chidolecho ngakhale tsiku limodzi. Kanachilandira ndi manja a mafuta, kanathamanga nacho, ndipo posakhalitsa gulu la ana linali litachimanga luzi n'kumachikoka kuseri kwa nkhokwe.

Nthawi ya chakudya ndinakhala ndi mnzangayo. Mpunga unali wabwino, nyama ya mbuzi yofewa, koma iwo ankangotembenuza dzanja m'mbale.

"Aphunzitsi," anatero, "ine ndimati ndikumusungira."

Zinali zoona, ankamusungira.

Owerenga anzanga, tisawaloze chala Che Amidu ngati kuti ife ndife ena. Khalidwe limeneli ndi lathu tonse, Asilamu ndi Akhristu omwe, a ku Ntaja ndi a ku Utale. Ndife anthu osunga. Ndipo tili ndi chifukwa chake: kwathu kuno chinthu chabwino sichibwera kawiri. Chikathyoka, chathyoka. Ndiye timachikweza pamwamba, timachitsekera, timauza mwini wake kuti adikire.

Ndili mwana ku Utale, pasukulu pathu panabwera mpira weniweni wachikopa, mphatso yochokera kwa mlendo wina. Ife tinali tikumenya wa masanza womanga ndi luzi. Mpira watsopanowo unakakhala pamwamba pa kabati mu ofesi ya ahedi, kudikira tsiku la mpikisano waukulu. Tinkapeza zifukwa zopitira ku ofesiko kuti tikauone, ena mpaka kulakwa dala. Tsiku la mpikisano litafika anaupopa, wina anaumenya kamodzi, chikopa chouma chija n'kung'ambika pamsoko. Tinamaliza masewerowo ndi mpira wathu wa masanza.

Nditakhala mphunzitsi ndaonanso zomwezo. Mabuku atsopano amakhala m'bokosi lokhoma kuti ana angawadetse, ana n'kumaloweza za pa bolodi. Amatuluka tsiku lobwera oyendera sukulu, madzulo n'kubwereranso m'bokosi. Pamene tikuti tsopano tiwagawe, chiswe chawerenga kale mpaka tsamba lomaliza.

Nanga m'nyumba mwanu? Makapu amaluwa aja akudikira mlendo uti? Inu amene munawagula mumamwera tiyi m'chikho chobenthuka, ana anu m'chitini. Mlendo wolemekezekayo akadzabwera, adzakhala woposa mkazi wanu amene wakuphikirani zaka zonsezi?

Ndipo ndani wa ife sanaonepo pamaliro akutsegula sutikesi ya mayi wokalamba, n'kupezamo nsalu yatsopano yosachapidwapo, imene mwana wawo anawagulira kalekale? Ankaisungira tsiku labwino. Amadzaifunda koyamba tsiku limene sangathenso kuiona.

Za makapu ndi nsalu mwina tingati zilibe kanthu kwenikweni, popeza munthu wamkulu akadzimana, wadzimana yekha. Chimene chikundiwawa n'choti timasungira ana zinthu zimene zimagwira ntchito pa ubwana pokha. Khasu lingadikire. Chipewa cha kumzikiti chingadikire. Chidole sichidikira, chifukwa mwini wake sakhalitsa. Tikamati "ukakula", timaganiza kuti tidzapatsa mwana yemweyo, wangotalika pang'ono. Koma amene amabwera kudzalandira amakhala munthu wina.

Jando sindikuliimba mlandu. Lachita ntchito yake, ndipo laichita bwino: linatenga kamnyamata, labweza mwamuna waulemu. Kwa anzathu a ku Ntaja malirewo amaoneka, ali ndi ng'oma ndi nthungululu. Kwa enafe mwana amawoloka mwakachetechete, timangozindikira tsiku lina kuti waleka kufunsa. Che Thipa akhoza kukhala galimoto m'mawa, munthu masana, galimoto madzulo. Mwana wa munthu amasintha kamodzi, ndipo sabwerera.

Kodi Che Twaibu akanachithyola chidolecho akanachilandira tsiku loyamba lija? Mosakayika. Mwina mwezi sukanatha. Gudumu likanasowa, dzanja likanaguluka, bambo ake akanakalipa. Koma lero akanakhala ndi mwezi umenewo. Panopa ali ndi chiyani? Ali ndi katoni yong'ambika, imenenso sangaitulutse pagulu.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Che Amidu anauza mwana wawo kuti andiperekeze ku siteji ya basi, ndipo iye ananyamula chikwama changa, akuyenda kumbuyo kwanga pang'ono monga achitira mnyamata wolangizidwa. Ndinayesa kucheza naye za sukulu. Ankayankha mwachidule, "Eya, aphunzitsi. Iyayi, aphunzitsi."

Kuseri kwa nkhokwe tinapeza ana aja. Che Thipa anali atatuwa ndi fumbi, gudumu limodzi palibe, akadali wa mwendo umodzi ndi dzanja limodzi. Kamwana ka chitumbuwa kaja kanali kakulimbana naye ndi mano. Kataona Che Twaibu kanathamanga n'kumutambasulira chidolecho.

"Achimwene, chikukana. Tandipangirani munthu."

Che Twaibu anaima. Anayang'ana kumbuyo. Pansi pa mtengo wa mango, anamwali anzake awiri ndi lombwe mmodzi anali kutiyang'ana. Anasamutsira chikwama changa m'dzanja lamanja, lamanzere analibisa kumbuyo.

"Usalume," anatero motsitsa. "Bweza mwendowo kaye. Kanikiza bampala ndi chala chachikulu, kenaka ukoke miyendo yonse pamodzi. Mutu utuluka wokha."

Kamwanako kanachita momwemo. Panamveka kuti tha, ndipo mutu wa maso ofiira unatumphuka. Ana anakuwa ndi chimwemwe, nathamanga naye Che Thipa ali m'mwamba.

Che Twaibu anawatsatira ndi maso mpaka anakhota pangodya ya nyumba. Kenaka anati, "Tiyeni aphunzitsi, basi ingakusiyeni."

Chidole chake sanachikhudze. Kuyambira tsiku limene chinatuluka m'sutikesi ya ku Joni mpaka Loweruka limenelo, sanachikhudzepo ngakhale kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti sadzachikhudza.

Inu amene mukuwerenga, kiyi wa kabati yanu ali pa chitenje cha ndani? Ndipo mwana amene mukumuuza kuti adikire uja, mwaonapo pamene mphuno yake yafika pa galasi?